Kandimverere Walowa M'thumba

Munthu wochokera ku Lilongwe akangowoloka mtsinje wa Bua ndi kulowa m'boma la Kasungu, safunikanso kuuzidwa kuti wafika kwa alimi a fodya. Dziko lake ndi lachidikha, loyalana mpaka kumene maso alekeza, ndipo midzi yake imadziwika ndi zigafa. Nyengo ya msika ikakwana, magalimoto osenza mabelo amandanda pa Chinkhoma kudikira kuti alowe ku okushoni. Zimenezi tidazizolowera. Chimene chabwera m'zaka zino ndi kanthu kakang'ono kamene mlimi, mwana wake womaliza sukulu ndiponso mphunzitsi wa m'mudzimo akusunga m'thumba. Kanthuko ndi foni ya m'manja. Ambiri akadali ndi timafoni tamabatani, koma foni imodzi yotsegula WhatsApp ndi Facebook, ikakhala m'manja mwa mnyamata pa golosale, imakwanira kudyetsa nkhani mudzi wonse dzuwa lisanalowe.

Makolo athu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Ankatanthauza kuti munthu wodalira kumva kwa mnzake amalandira nkhani yopotoka, pakuti wotumidwayo amasiya zenizeni nabweretsa zake. Masiku ano kandimverere uja walowa m'thumba mwathu, ndipo timadzuka naye, timagona naye. M'nkhani ya lero ndifuna kuti inu owerenga, makamaka aphunzitsi ndi achinyamata amene mwangotsiriza sukulu, tilingalire limodzi za masamba a mchezowa. Ganizo langa ndi limodzi: uthenga umakhala wothandiza ngati mwini wake akudziwika, ndipo uthenga wopanda mwini ungathe kumudyera munthu thukuta la chaka chonse.

Kale uthenga unkayenda ndi mwini wake

Maliro akagwa m'mudzi, mfumu inkatuma anyamata odziwika kuti akanene kumidzi yoyandikana nayo. Wolandira uthengawo ankaona nkhope ya mthengayo, ankadziwanso amene wamutuma. Mthenga akakanena zabodza, mlandu wake unkakambidwa pabwalo, ndipo manyazi ankagwera iye ndi abale ake. Kalata nayo idali ndi mwini. Abambo amene adapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, kapena kuminda ya ku Rhodesia, ankalembera kwawo pogwiritsa ntchito keyala ya sukulu ya m'deralo. Kalatayo ikafika, kawirikawiri mphunzitsi ndiye ankaiwerengera agogo osadziwa kuwerenga, ndipo yemweyo ndiye ankawalembera yankho. Anthu ochokera ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Phalombe amene ankabwera kudzalima fodya m'maesiteti a kuno ankachitanso chimodzimodzi. Pa envelopu padali chidindo cha positi ofesi, pansi pa kalata padali dzina. Ngakhale mauthenga achisoni a pa wailesi ya MBC, imene idayamba mu 1964, ankatchula amene watumiza uthengawo ndi mudzi umene maliro ali.

Tisanamizane kuti masiku amenewo zonse zidali bwino. Kalata inkatha milungu ili pa ulendo, ndipo ambiri ankamva za imfa ya mbale wawo maliro ataikidwa kale. Mlimi wa ku Chulu kapena ku Chamama sankadziwa m'mene fodya akuyendera kumsika kufikira wina atabwerako. Komanso m'zaka za chipani chimodzi anthu ankayang'ana uku ndi uku asanatsegule pakamwa. Palibe wanzeru amene angafune kubwerera kumeneko. Chokhacho chimene ndikukumbutsa ndi chakuti njira zonse zakalezo zinkamulola munthu kufunsa funso lalifupi lakuti, wanena ndani? Ndipo yankho lake linkapezeka.

Mafoni a m'manja adayamba m'dziko muno mu 1995 ndi kampani ya TNM. Mu 1999 kudabwera Celtel, imene idasintha dzina kukhala Zain, kenako Airtel mu 2010. Poyamba foni idali ya mabwana a m'tauni, koma m'kupita kwa zaka idatsika mtengo mpaka kufika ku Santhe, ku Chisemphere ndi ku Nkhamenya. Airtel Money idayamba mu 2012, Mpamba wa TNM mu 2013, ndipo kuyambira pamenepo foni idakhala chikwama cha ndalama kuwonjezera pa kukhala mthenga. Apa ndiye padagona ubwino wake waukulu, apanso ndiye padagona ngozi yake. Walira mvula walira matope.

Mnyamata wa ku Wimbe

Wofuna kuona ubwino wa intaneti asavutike kuyang'ana kutali, pakuti chitsanzo chake chili m'boma lomwe lino. William Kamkwamba, wa m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe, adabadwa mu 1987 m'banja la alimi a chimanga ndi fodya. Njala ya mu 2001 ndi 2002 itavuta, makolo ake adalephera kumulipirira fizi ndipo adasiya sukulu ya sekondale. M'malo mongokhala, ankapita ku kanyumba ka mabuku ka pa sukulu ya pulayimale ya kwawoko. Kumeneko adapeza buku lotchedwa Using Energy, limene lidali ndi chithunzi cha makina opukusidwa ndi mphepo. Ndi zitsulo zotayidwa, zipangizo za njinga, mapaipi a pulasitiki ndi mitengo ya bulugama, mnyamatayu adamanga makina ake amene adayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake. Ambiri m'mudzimo ankamuyesa wamisala.

Kwa zaka zingapo ntchitoyi idangodziwika kwa Wimbe komweko. Mu 2006 akuluakulu ena a zamaphunziro adaiona, ndipo nyuzipepala ya Daily Times idalemba nkhani yake. Anthu olemba pa intaneti adaitola nkhaniyo naifalitsa, mpaka idafika kwa okonza msonkhano wa TED umene udachitikira ku Arusha m'dziko la Tanzania mu 2007. Kamkwamba adaitanidwa kumeneko, ndipo ndi komweko kumene adayamba kuona intaneti ndi maso ake. Anthu amene adamumva adamuthandiza kubwerera ku sukulu. Mu 2009 buku la mbiri yake, limene adalemba ndi Bryan Mealer, lidatuluka. Mu 2014 adatsiriza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America. Ndipo mu 2019 Chiwetel Ejiofor adatulutsa kanema wa nkhaniyi, amene mbali yake yaikulu ili m'Chichewa.

Achinyamata ambiri akamva mbiri imeneyi amathamangira kunena kuti intaneti ndiyo idamutukula. Ndi zoona, koma taonani dongosolo lake. Choyamba padali buku ndi khama. Kenako padali makina enieni, oti munthu angathe kuwakhudza. Pambuyo pake padabwera anthu amene adayenda ulendo kukaona okha, ndi mtolankhani amene adalemba nkhaniyo pansi pa dzina lake. Intaneti idabwera pomalizira, ndipo katundu amene idasenza adali woona. Ikadapeza kwa Wimbe kulibe kanthu, sikadakhala ndi chonyamula. Phunziro limeneli ndi lofunika kwa mnyamata kapena mtsikana aliyense amene amaganiza kuti kudziwika pa Facebook ndiko chiyambi cha ntchito.

Mlimi wa fodya ndi foni yake

Ulimi wa fodya ndi wa miyezi yambiri ndipo malipiro ake amabwera kamodzi. Mlimi amafesa nazale m'nyengo yotentha, kuthirira m'mawa ndi madzulo. Mvula ikagwa amawokera, kenako kupalira, kuthira feteleza, kuthyola, kusoka, kuyanika m'chigafa, kusankha, kumanga mindindi ndi kudinda mabelo pa jeke. Kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, pamene alimi ang'onoang'ono adaloledwa kulima fodya wa bale, mabanja ambiri a kuno amadalira ndalama zimenezi pa fizi, pa malata ndi pa feteleza wa chaka chotsatira. Kuchokera mu 2012 fodya wambiri amalimidwa pa mgwirizano ndi makampani ogula, ndipo ngongole ya zipangizo imadulidwa fodyayo akagulitsidwa. Zotsala ndi zimene mlimi amati zake.

Pa ntchito yonseyi foni yathandiza kwambiri, ndipo wokana zimenezi sadaone m'mene zinthu zidalili. Kalabu ya alimi ikhoza kuitanitsa msonkhano popanda wina kupalasa njinga tsiku lonse. Mlimi akhoza kujambula tsamba lodwala ndi kutumizira mlangizi. Woyendetsa galimoto la mabelo akhoza kufunsidwa kumene wafika. Uthenga wa ku banki umadziwitsa kuti ndalama zalowa, ndipo mwana amene ali ku sukulu yogonera komweko amalandira ya sopo tsiku lomwelo. Pa zaumoyo, ntchito ya Chipatala cha pa Foni, imene idayambira ku Balaka mu 2011, idasonyeza kuti mayi wa kumudzi angathe kulandira malangizo oona kuchokera kwa anthu ophunzira ntchitoyo asanayende mtunda wautali. Mauthenga onsewa ali ndi chinthu chimodzi chofanana: wowatumiza amadziwika.

Koma nyengo ya msika ndi nyengonso ya mauthenga opanda mwini. Pa gulu la WhatsApp pamatulukira mawu ojambulidwa, a munthu wosatchula dzina, onena kuti chaka chino fodya akubwezedwa yense, kapena kuti msika utsekedwa sabata yamawa. Mlimi amene ali ndi ngongole ndi ana odikira fizi mtima umamuthawa. Madzulo ake mavenda amafika pakhomo ndi sikelo ndi ndalama m'manja, ndipo iye amakumbukira mwambi uja wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, nagulitsa motaya. Patapita masiku amamva kuti anzake a m'kalabu agulitsa bwino pa Chinkhoma. Funso loyenera kufunsa pa uthenga wotere ndi lakuti, kodi ukafalikira apindule ndani? Nkhani za kutsegulidwa kwa msika, mitengo yoyambira ndi ziphaso zili ndi eni ake odziwika. Bungwe la Tobacco Commission lilipo, a AHL amene amayendetsa misika ya Limbe, Kanengo, Chinkhoma ndi Mzuzu alipo, a TAMA alipo, alangizi a ARET aliponso. Safunsa adadya phula.

Akuba nawonso amadziwa mwezi umene mlimi ali ndi ndalama. Njira zawo ndi zodziwika, komabe zikupitirira kugwira anthu. Wina amatumiza uthenga wooneka ngati wa kampani, wonena kuti ndalama zalowa m'foni mwanu, kenako amaimba akulira kuti walakwitsa nambala, mumubwezere. Wina amati mwapambana mphoto, ingotumizani kangachepe ka msonkho. Wina amadzitcha wa ku ofesi ya Mtukula Pakhomo kapena ya feteleza wotsika mtengo, napempha nambala yanu yachinsinsi kuti akulembeni m'kaundula. Woopsa kwambiri ndi amene amaimba usiku kuti mwana wanu wagonekedwa m'chipatala ndipo pakufunika ndalama msangamsanga. Onsewa amadalira chinthu chimodzi, ndicho changu. Amafuna kuti mutumize musanaganize. Mu 2018 bungwe la MACRA lidalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe ndi chiphaso cha mwini wake, koma lamulolo silidathetse umbavawu, pakuti akuba amagwiritsa ntchito nambala zolembetsedwa m'maina a anthu ena. Ndi chifukwa chake si bwino kubwereketsa chiphaso chanu cha unzika kuti wina akagulire nambala. Nambala yachinsinsi nayo sipatsidwa kwa wina aliyense, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku kampani ya foni.

Mphekesera zikamera miyendo

Kutaya ndalama ndi kowawa, koma pali mauthenga ena amene amatayitsa moyo. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidabuka ku Mulanje, ku Phalombe ndi m'maboma ena a kumwera. Anthu osalakwa adaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, magalimoto adaphwanyidwa, ndipo bungwe la United Nations lidayamba lachotsa antchito ake m'madera ena a kumeneko. Mphekesera zoterezi zidamvekanso mu 2002, mafoni asanachuluke, kotero sitinganene kuti foni ndiyo idazibala. Chimene foni imachita ndi kuzipatsa miyendo. Bodza limene kale likadatha sabata kuti liwoloke phiri, lero limafika ku Kasungu nthawi yomweyo, ndipo limafika ndi mawu a munthu wolira kapena chithunzi cha magazi chimene palibe akudziwa kumene chidajambulidwa. Tikumbukire kuti m'midzi yathu muno muli alendo ambiri odzagwira ntchito za fodya. Mphekesera zikavuta, woyamba kulozedwa chala amakhala mlendo.

Nthawi ya matenda a Covid-19, amene adapezeka koyamba m'dziko muno mu Epulo 2020, tidaonanso zomwezo. Katemera atafika mu Malichi 2021, mafoni adadzaza ndi mauthenga akuti wobayitsa sadzabereka, kapena kuti afa pasanathe nthawi. Anthu ambiri adaopa, ndipo mu Meyi chaka chomwecho boma lidawotcha katemera wokwanira kubaya anthu 19,610 chifukwa masiku ake adali atatha. Zifukwa zake zidalipo zingapo, pakuti katemerayo adafika atatsala ndi masiku ochepa, koma mantha ochokera m'mafoni adathandizira. Chodabwitsa ndi chakuti ambiri mwa amene ankatumiza mauthengawo sadali anthu oipa mtima. Adali amalume, azakhali ndi anzathu a kumpingo amene ankafuna kutichenjeza chifukwa chotikonda. Apa ndi pamene bodza la pa foni limapezera mphamvu. Limalembedwa ndi munthu wosadziwika, koma limatifikira kudzera m'manja mwa munthu amene timamukhulupirira, ndipo ife timalipatsa ulemu wa amalumewo.

Kwa inu amene mwatsiriza sukulu

Amene mudali m'Fomu 4 mu 2020 simungaiwale zimene zidachitika. Sukulu zidatsekedwa mu Malichi chifukwa cha mliri uja. Mayeso a MSCE atayamba kumapeto kwa chaka, mapepala ena adabedwa nafalikira pa masamba a mchezo. Mu Novembala boma lidaimitsa mayeso onse, ndipo adalembedwanso mu Januwale 2021. Ophunzira okhulupirika, amene adawerenga ndi nyali usiku, adalangidwa pamodzi ndi akuba. Makolo amene fodya wawo adali atagulitsidwa kale adayenera kufunanso ndalama zina za mayendedwe ndi zakudya. Aliyense amene adalandira pepala lobedwalo nalitumiza kwa mnzake ankayesa kuti akuchita kanthu kakang'ono, koma tinthu tating'ono timeneto titaphatikizana tidagwetsa mayeso a dziko lonse.

Vuto lina la achinyamata ndi la mumtima. Mnyamata amene akuthandiza bambo wake kusoka fodya, manja ali bii ndi phula la masamba, amatsegula Facebook madzulo naona anzake a m'kalasi atajambulitsa pafupi ndi galimoto ku Lilongwe kapena ku Johannesburg. Amayamba kudziona ngati wotsalira, ndipo ntchito ya m'munda imamunyansa. Sadziwa kuti galimotolo ndi la eni ake, ndiponso kuti mnzakeyo mwina akugona anthu asanu m'chipinda chimodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu amaika pa tsamba lake tsiku limene wavala bwino. Tsiku limene wagona ndi njala saliika. Amalonda achinyengo amadziwa kufooka kumeneku, ndipo ndiwo amalengeza ntchito za kunja zimene zimayamba ndi kulipira ndalama ya fomu. Atsikana athu ena amene adalonjezedwa ntchito zabwino ku maiko a Aluya, monga ku Oman, adakapezeka ali m'mavuto aakulu, ziphaso zawo zoyendera zitalandidwa. Ntchito yeniyeni ili ndi ofesi, keyala ndi dzina la woilengeza, ndipo munthu angathe kufufuza ku ofesi ya zantchito ya pa boma asanagulitse mbuzi za makolo ake.

Dziwaninso kuti mawu a pa foni sauluka ngati a pakamwa. Mukatukwana munthu pa chitsime, amamva ndi anthu asanu, ndipo mawa mukapepesa nkhani imatha. Mukamutukwana pa gulu la WhatsApp, wina amajambula mawuwo nawasunga, ndipo angathe kutuluka patapita zaka, tsiku limene mukufunsira ntchito kapena banja. Chithunzi chamseri chimene mtsikana watumizira bwenzi lake sichikhalanso m'manja mwake, ndipo chibwenzi chikatha ena amachisandutsa chida. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene lidaika zilango pa kuzunza, kuopseza ndi kunyoza anthu kudzera pa makina amenewa. Anthu ena adamangidwapo chifukwa cha zimene adalemba, ndipo mabungwe oona za ufulu adadandaula kuti nthawi zina lamuloli lidagwiritsidwa ntchito potseka pakamwa anthu odzudzula akuluakulu. Dandaulo limenelo ndi lomveka, pakuti ufulu wolankhula tidauvutikira. Koma ufulu wodzudzula mtsogoleri ndi wosiyana ndi kuvula mnzako pagulu. Wodzudzula moona amatha kuimirira pa mawu ake ndi dzina lake.

Chinenero chathu pa foni

Pali chinthu chimodzi chimene chimandisangalatsa, ndipo aphunzitsi a Chichewa ayenera kuchiona. Sindikhulupirira kuti idakhalapo nthawi ina imene anthu wamba ankalemba Chichewa tsiku ndi tsiku monga akuchitira lero. Mayi amene adalekeza Sitandade 5 akulembera mwana wake. Agogo osadziwa kulemba akujambula mawu awo ndi kutumiza kwa adzukulu ku South Africa. Alakatuli achinyamata akufikira anthu popanda kudikira wosindikiza mabuku. Kudandaula kulipo, pakuti ambiri amadula mawu, amasakaniza ndi Chingerezi, ndipo kalembedwe koyenera sakusamala. Koma munthu amene akulemba kale ndi wosavuta kumuphunzitsa kulemba bwino. Mphunzitsi wochenjera angathe kutenga uthenga wa pa foni, kuulemba pa bolodi, ndi kuuza ophunzira kuti aukonze monga kalata yopita kwa mfumu kapena kwa mkulu wa sukulu. Potero ana adzazindikira kuti ulemu umene timapereka pakamwa, wotchula akulu kuti inu, uyeneranso kuoneka m'zolemba.

Tisankhe mauthenga monga tisankhira fodya

Mlimi wa ku Kasungu ali kale ndi luso limene likufunika pa nkhani imeneyi. Fodya akauma, samutenga chisawawa ndi kumuponya pa jeke. Amakhala pansi, natenga tsamba limodzilimodzi, kuliyang'ana mtundu, utali ndi kukhuthala kwake. Lankhungu amalitaya, lothothoka amaliika padera. Amadziwa kuti belo losakaniza, kapena lopezeka ndi pulasitiki m'kati, limabwezedwa kumsika, ndipo nambala yolembedwa pa belolo ndi yake. Uthenga uliwonse umene mutumiza kwa ena nawonso umapita ndi nambala yanu. Ngakhale mudaulandira kwa wina, amene mwamutumizirayo adzati mwanena ndinu.

Tsono musanatumize, dzifunseni mafunso ochepa. Adayamba kunena zimenezi ndani, ndipo dzina lake likuoneka? Zidachitika liti, kuti? Pakuti zithunzi zambiri zoopsa zimakhala zakale kapena za maiko ena, ndipo masiku ano makompyuta akutha kupanga chithunzi ndi mawu a munthu amene sadanene zimenezo. Kodi wailesi kapena nyuzipepala yodziwika yanenako? Ngati nkhaniyo ndi ya msika, mwafunsa mlangizi kapena wapampando wa kalabu? Ngati ndi ya mwana wodwala, mwaimbira mphunzitsi wake pa nambala imene mukuidziwa kale? Ngati uthengawo ukukukakamizani kuti mufulumire, kapena ukulamula kuti muutumize kwa anthu khumi, pamenepo ndiye muyenera kudekha kwambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Uthenga woona sutha mphamvu chifukwa mwaugoneka usiku umodzi.

Aphunzitsi, udindo umene akuluakulu anu adali nawo powerengera anthu makalata sudathe. Wangosintha maonekedwe. Lero anthu ambiri akutha kuwerenga okha zilembo, koma akusowa wowathandiza kuzindikira chimene chabisala kuseri kwa zilembozo. Pa msonkhano wa makolo, mphindi khumi zofotokoza njira za akuba a pa foni zingapulumutse fizi ya ana ambiri. M'kalasi, phunziro la kumvetsa nkhani lingathe kukhala ndi funso lakuti, wolemba uyu akufuna kuti tichite chiyani, ndipo apindulapo chiyani? Pa magulu a WhatsApp a sukulu ndi a mpingo, mphunzitsi asachite manyazi kufunsa mwaulemu kuti, kodi abambo, nkhaniyi mwaitenga kuti? Funso limeneli likafunsidwa kawiri katatu, anthu amayamba kuganiza asanatumize.

Inu achinyamata amene foni mumaidziwa kuposa makolo anu, ndinu athenga a masiku ano. Bambo anu akakupatsani foni kuti muwawerengere uthenga wa ku banki, kapena mayi anu akakufunsani ngati zimene amva pa chigayo ndi zoona, yankho lanu ndilo lidzayendetsa banjalo. Mukhoza kukhala kandimverere wobweretsa za m'maluwa, mukhozanso kukhala mthenga wokhulupirika amene amati, izi ndafufuza, izi sindidatsimikize, tiyeni tikafunse. Mwa ntchito zonse zimene mwana wophunzira angagwirire mudzi wake popanda kudikira kulembedwa, imeneyi ndi imodzi mwa zofunika kwambiri, ndipo nyengo ya msika ikubwerayi ndi nthawi yabwino yoiyamba.

Sabata yamawa tidzaona m'mene wophunzira wa kumudzi angagwiritsire ntchito foni pofuna malo a maphunziro ndi ntchito zamanja, ndiponso m'mene angasungire ndalama zogulira mayunitsi kuti zisamathere pa macheza okha.